Kulembetsa patenti kapena kusunga chinsinsi?

Mmisiri wa ku Biwi akapanga makina osenda mtedza, kapena mayi wa ku Area 25 akatulukira kaphikidwe ka sosi ya kambuzi, ali ndi njira ziwiri zotetezera luso lake.

Patenti imaletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo cha mwini, ndipo m'mayiko ambiri imatha pakapita zaka 20. Kudzera ku ARIPO, bungwe loona za mapatenti lomwe likulu lake lili ku Harare, pempho limodzi lingafikire mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Chinsinsi ndi kungotseka pakamwa, monga yachitira kampani ya Coca-Cola kuyambira 1886.

Ndalama: patenti imafuna zolembetsera, zolipira chaka ndi chaka, nthawi zambiri ndi loya. Chinsinsi n'chaulere.

Kukhalitsa: patenti ili ndi malire, chinsinsi chimakhala mpaka wina atachitulukira yekha, ndipo pamenepo palibe mlandu.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi. Wolembetsa patenti amafotokoza poyera momwe makinawo amagwirira ntchito, choncho ophunzira a ku Bunda angawerenge n'kupanga abwino koposa, ndipo wofuna kuikapo ndalama amalimba mtima. Chinsinsi chimapita kumanda ndi mwini wake, zomwe ine zimandiwawa. Patenti nayo ingachedwetse ena ngati mwini akukana kugawa malayisensi.

Wa makina alembetse asanawaonetse kumsika, chifukwa aliyense angawamasule n'kukopera. Wa sosi asunge chinsinsi, alembetse dzina la malonda lokha.