Ndemanga: nyumba ya lendi ya mu mpanda ku Gulliver, Area 49

Nyumba imene ndikuinena ndi ya zipinda ziwiri zogona, balaza, khitchini ndi bafa la m'kati, ku Gulliver mu Area 49 mumzinda wa Lilongwe. Ili mu mpanda wa nyumba zinayi, geti ndi limodzi, ndipo eni ake sakhala pompo. Ine ndi banja langa takhalamo dzinja ndi chilimwe chomwe, choncho taiona mbali zonse. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo chimene chandikopa kwambiri ndi mita.

Nyumba iliyonse mu mpandamu ili ndi mita yakeyake ya magetsi a ESCOM komanso yake ya madzi a Lilongwe Water Board, zonse zolipiriratu. Amene sanakhalepo pa mita yogawana angaione ngati nkhani yaing'ono, komatu mikangano yambiri ya m'mipanda imayambira pamenepo. Wina ali ndi kuka, jiza ndi firiji, mnzake amangoyatsa mababu ndi kutchaja foni, koma mwezi ukatha akuti tisonkhe mofanana. Mapeto ake amayi amaleka kupatsana moni pa chingwe choyanika zovala, ana nawonso amaletsedwa kulowa m'nyumba ya anzawo. Kuno zimenezo kulibe. Mayunitsi akatsala pang'ono ndimagula pa Airtel Money kapena pa Mpamba, n'kulowetsa manambala 20 aja pa mita, basi. Ubwino wina ndi woti munthu umazindikira msanga chimene chikukudyera ndalama. Ife tinaona kuti jiza ndiye amameza mayunitsi kuposa china chilichonse, ndiye timamuyatsa m'mawa mokha m'miyezi yozizira ya June ndi July. Nyemba timaphika pa mbaula, zina zonse pa gasi, magetsi n'kutsalira firiji, kusita ndi kuunikira.

Madzi amatuluka bwino masiku ambiri. Mu October ndi November, dzuwa likafika poswa mtengo, mphamvu yake imachepa masana chifukwa aliyense amakhala akuchapa, kuthirira ndi kudzaza migolo. Sizodabwitsa: madzi a mumzinda uno amadalira mtsinje wa Lilongwe ndi madamu a Kamuzu ku Malingunde, pamene nyumba zatsopano zikungomangidwabe mbali zonse. Eni nyumba anaganiza bwino poika thanki pa nyumba iliyonse, yolandira madzi kudzera pa mita ya nyumbayo. Usiku thanki imadzaza yokha, masana timatunga momwemo. Kwa banja la ana aang'ono, lokhala ndi chimbudzi cha madzi m'nyumba, thanki imeneyi ndi yofunika kuposa chipinda chachitatu, ndipo amene mukusaka nyumba mudzaifunse musanafunse za mtundu wa makabati.

Za eni nyumba ndilibe dandaulo lalikulu. Ndi mayi wachikulire, ndipo tisanalowe tinasainirana pepala lofotokoza tsiku lolipira, nthawi ya notisi, ndi zimene amakonza iwo komanso zimene timakonza ife. Denga litayamba kudontha pakona ya chipinda cha ana mvula yoyamba itagwa, ndinawaimbira n'kunena kuti, "Amayi, siling'i yayamba kunyowa kuno." Sanandiuze kuti ndikonze ndekha tidzachotsera pa lendi, monga amachitira ena kenako n'kukana malisiti. Anatumiza mmisiri sabata yomweyo. Mpopi wa m'khitchini ndi maswitchi timasintha tokha, ndipo ndikuona kuti n'chilungamo.

Cholemera ndi polowa. Amafuna lendi ya miyezi itatu pasadakhale, pamwamba pake ndalama ya chikole, ndiye palinso ejenti amene anatiperekeza, yemwe anatilipiritsa yoonera nyumba tisanadziwe n'komwe ngati tiikonda. Chizolowezi chimenechi chafala mu Lilongwe muno ndipo chimapweteka anthu olandira pamwezi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti, penti ndi malata zinakwera, lendi nayo sinakhalenso pamodzimodzi. Yathu inakwerapo, koma anatidziwitsa ndi kalata nthawi ikadalipo, moti tinakonzeka. Zongodzidzimutsidwa pa 1 kuti kuyambira lero ndi mwakuti, kuno sitinazione.

Malowa ali pabwino kwa munthu wogwira ntchito ku City Centre kapena ku Capital Hill, chifukwa msewu waukulu wodutsa pa Area 18 umakafika mpaka ku nyumba ya malamulo osalowa m'chipwirikiti cha ku Old Town. Wogwira ntchito ku Kanengo nayenso sali patali. Zogula zikuluzikulu timapita ku Gateway Mall, koma kunena zoona za tsiku ndi tsiku sitikwerera galimoto. Tomato, mpiru, bonya, makala, buledi, zonse zili pa mabenchi ndi magolosale oyenda wapansi. Chigayo chilipo, ometa ndi osoka alipo, ma ejenti a ndalama za pa foni ali pakona iliyonse. Masukulu a mkaka ndi a pulayimale omwe si aboma ndi ambiri, matchalitchi ndiye osanena. Pa matenda aang'ono pali zipatala zolipira pafupi, zikakula ndiye ulendo wa ku Kamuzu Central. Minibasi zimadutsa pa tala, ndipo kuchokera pa siteji kufika pa geti ndi kabaza wa njinga yamoto.

Pakabaza pomwepo ndi pamene nyenyezi yachisanu yathawira. Kuchoka pa tala kufika kwathu msewu ndi wadothi. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, fumbi limalowa paliponse, ngakhale mawindo atatsekedwa. Ukakolopa m'mawa, madzulo umalemba dzina pa tebulo. Zovala zoyera timayanika kuseri kwa nyumba, apo ayi kuchapanso. Mvula ikayamba vuto limatembenuka. Msewuwu ulibe ngalande, madzi ochokera kumtunda amatsata tinjira ta matayala n'kudzaima pa geti pathu. Mu January ndi February ana amanyamula nsapato za sukulu m'manja mpaka pa tala, akabaza amakweza mtengo, ena amakaniratu kulowa. Msewu si wa eni nyumba, ndikudziwa, koma m'kati mwa mpanda ndi mwawo, ndipo pabwalo sanaike simenti kapena njerwa. Madzi amaima masiku angapo kuseri kwa nyumba yomalizira, udzudzu n'kuswana. Timagona m'maneti chaka chonse, komabe zimandidetsa nkhawa chifukwa mu mpandamu muli makanda. Ngalande imodzi yotulutsa madzi pansi pa khoma ingathetse zonsezi, ndipo tawapempha tonse anayi.

Zinyalala timalipira anyamata a kampani ina amene amabwera ndi lole kamodzi pa sabata. Akachedwa, agalu ndi ntchentche zimatidziwitsa. Chitetezo chili bwinoko: khoma ndi lalitali, mawindo ali ndi zitsulo, ndipo timasonkha mwezi ndi mwezi ya alonda a m'dera amene amayendera usiku. Malo oimika galimoto ndi ochepa, okwana ziwiri zokha, moti wobwera mochedwa amadzutsa mnzake m'mawa kuti atuluke.

Phokoso silivuta masiku wamba. Koma dziwani kuti bwalo la Bingu, limene linatsegulidwa mu 2017, lili pafupi ku Area 48. Tsiku limene Flames ikusewera, kapena Bullets ikakumana ndi Wanderers pa ndime yomaliza ya chikho, mavuvuzela amamveka mpaka pakhonde ndipo msewu umadzaza kuyambira masana. Ana anga amasangalala nazo. Amene muli ndi ulendo tsiku lotero, nyamukani m'mawa.

Nyumbayi ndingailimbikitse kwa banja laling'ono kapena anthu awiri ogwira ntchito amene akufuna mtendere ndi anansi komanso eni nyumba omva. Kwa munthu wachikulire wovutika kuyenda, kapena wa galimoto yotsika kwambiri, msewu wa dzinja udzamusowetsa mtendere. Mukafuna kudzaona nyumba mbali ino, bwerani mvula itagwa dzulo lake, muyang'ane pa geti ndi kuseri kwa nyumba pamene madzi aima, mutsegule mpopi masana, ndipo mupemphe kuti akuonetseni mita yanu ndi maso.