Ndemanga: zida zoteteza cooling tower ku chisanu, kuno ku Blantyre

Nyenyezi zitatu mwa zisanu.

Cooling tower ya pa fakitale yathu ya mapulasitiki ku Chirimba inachokera ku Johannesburg, kudzera mwa kampani ina ya m'tauni muno. Pa quotation anaikaponso zida zoteteza madzi kuti asaundane: hita yomiza m'thanki ya pansi ndi thermostat yake (kachida koiyatsa kukazizira), waya wotenthetsa wokulunga mapaipi akunja, vavu ya bypass yolambalalitsa madzi, ndi bokosi la VSD losintha liwiro la fani. Tadutsa nazo nyengo yozizira ndi yotentha yomwe, ndiye ndili ndi choti ndinene.

Cooling tower imaziziritsa madzi monga muja uchitira mtsuko wadothi. Madzi otentha ochokera kumakina amawazidwa pamwamba, n'kumatsika kudzera m'mapepala a pulasitiki otchedwa fill, fani ikukoka mphepo. Ochepa amauluka ngati nthunzi, otsalawo amazizira.

Kwawo kwa zida zoteteza ku chisanuzi ndi kumene kumagwa chisanu chenicheni. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo usiku wa June ndi July kuzizira kumatha kufika pa madigiri 0 kapena kutsikirapo. Kukazizira choncho, ayezi amayambira polowera mphepo, pamene madontho amagwera, n'kumakula mpaka kutseka njira ya mphepoyo. Akalemera amathyola fill. Makina akazimitsidwa, madzi ongokhala m'thanki ndi m'mapaipi amaundana, ndipo popeza madzi akaundana amafufuma, paipi imang'aluka. Hita ndi waya uja ntchito yake ndi kupewa zimenezo.

Nanga ife? Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000. Chiperoni chikabwera timanjenjemera ndithu, alonda amakoleza moto pageti, Ndirande osaoneka ndi nkhungu, koma madzi m'ndowa amacha ali madzi. Thermostat ya hita anaitchera pa madigiri 4. Kanyali kake sindinakaonepo katayaka. Waya wa m'mapaipi nawo wangokhala chokongoletsa, ndipo chophimba chake akhwangwala ayamba kuchijompha. Zida zake n'zolimba, sindikuzinyoza, koma ndalama imeneyo tinangoikwirira.

Chimene chandipindulitsa ndi VSD pamodzi ndi bypass. Tower yakale fani yake inkangodziwa kuthamanga basi, kaya kwatentha kaya kwazizira. M'mawa wa July madzi ankazizira mopitirira, ma mould (zikombole zoumbira pulasitiki) n'kumatuluka thukuta chifukwa cha chinyezi cha chiperoni, katundu n'kumatuluka ndi timadontho. Anyamata a shifiti ya usiku ankachita kukwera kukazimitsa fani pamanja, kenako n'kuiwala kuyatsa dzuwa likatuluka. Panopa sensa ikamva kuti madzi azizira, fani imachepetsa yokha liwiro, nthawi zina kuima kumene. Poyambitsa makina Lolemba m'mawa, bypass imabweza madzi m'thanki osakwera pamwamba mpaka atafunda. Phokoso lachepa, mayunitsi a magetsinso sakutha ngati kale, pakuti fani ikamayenda pang'onopang'ono imadya moto wochepa kwambiri.

Pali zondikwiyitsa. Magetsi akazima, jenereta n'kuyaka, VSD inkatripa n'kudikira munthu kuti akaidzutse. Kanali kankhani kongosintha setting, koma mmisiri wa kampaniyo anatiyendetsa ndi "mawa, bwana" mpaka abwana anga anachita kuimba okha. Buku la malangizo nalo ladzaza ndi nkhani za chipale chofewa ndi kutembenuza fani kuti isungunule ayezi, pomwe za fumbi lili chete.

Chonsecho adani athu kuno ndi fumbi la September ndi October, ndere zomera m'thanki dzuwa likawomba, ndi miyala yoyera imene madzi a pa mjigo amasiya mu fill. Tinatsegula thanki mvula isanagwe, pansi pake panali matope oti n'kuchotsa ndi fosholo. Wogulitsa wodziwa Blantyre akanatiuza za fyuluta ndi mankhwala a madzi, osati hita.

Amene mukufuna kugula, uzani wogulitsa alembe chida chilichonse pamzere wake ndi mtengo wake. VSD ndi bypass lipirani osadandaula. Hita ndi waya muwauze achotse, ndalamayo mugulire fyuluta ndi pampu yothirira mankhwala.