Fayilo ya CSV ikaposa RAM: csv, pandas kapena DuckDB?

Fayilo ya CSV (tebulo lolembedwa ngati mawu wamba, madanga ake atalekanitsidwa ndi mpatuliro) ndi ya 12 GB, laputopu ili ndi RAM (memory yogwirira ntchito) ya 8 GB. Mwalemba pd.read_csv kuti muitsegule ndi pandas (laibulale ya Python yosanthulira matebulo), fani yayamba kulira, kenako MemoryError, kapena Linux yangopha pulogalamuyo n'kukusiyirani liwu limodzi: Killed. Mawu akalowa mu pandas amatupa, moti nthawi zambiri amadya memory yoposa kukula kwa fayiloyo pa disiki. Chofunika ndi kutapa pang'onopang'ono, koma zotapira zake zimasiyana.

Yoyamba ndi laibulale ya csv, imene imabwera kale ndi Python. csv.reader imakupatsani mzere umodzi, mwathana nawo, wina wabwera. Kaya mizere ndi 1,000 kaya 50 miliyoni, memory siisuntha. Ena amaidumpha n'kumangodula mzere paliponse pali mpatuliro. Chonde musatero. RFC 4180 ya 2005, imene imafotokoza kalembedwe ka CSV, imalola kuti mawu a m'mitengero akhale ndi mpatuliro ngakhalenso mzere watsopano mkati mwake, ndiye "mabuku, zolembera" mudzawang'amba pawiri osadziwa. Potsegula fayilo ikani newline='', ndipo ngati yachokera ku Excel n'kuona tizilembo tachilendo pamutu woyamba, utf-8-sig imatichotsa. Chimene ndimaikondera n'chakuti siiganizira munthu: 00457 imakhalabe 00457. Kuipa kwake n'kuchedwa, chifukwa mzere uliwonse umadutsa mu lupu ya Python.

pandas ndi chunksize=100000 imabweretsa mizereyo m'magulumagulu, gulu lililonse ngati DataFrame (tebulo la pandas). Masamu amathamanga, makamaka mukasankha madanga ofunika okha ndi usecols. Koma apa ndi pamene ndinapsa. Ndinkapeza avareji ya gulu lililonse, kenako avareji ya ma avareji aja, ndipo nambala yotulukayo inkaoneka yabwinobwino. Taonani: gulu loyamba lili ndi malonda 10 a avareji 100, lachiwiri malonda 1,000 a avareji 20. Njira yangayo imapereka 60, pamene yankho lenileni silifika 21. Pulogalamu siidandaula ngakhale pang'ono. Muyenera kusunga chiwonkhetso ndi chiwerengero padera, n'kugawa kumapeto. Msampha wina: mukapanda kupereka dtype, pandas imalosera mtundu wa danga pagulu lililonse palokha, choncho danga lomwelo likhoza kukhala manambala apa, mawu apo, maziro a kutsogolo atapita. Kusanja fayilo yonse kapena kuchotsa mizere yobwereza n'kovuta kwambiri, poti gulu silidziwa za linzake.

Pa ntchito yoteroyo ndimapita kwa DuckDB, database imene inabadwira ku CWI (malo ofufuzira za masamu ndi makompyuta) ku Amsterdam n'kufika pa 1.0 mu 2024. Mumalemba SQL (chinenero chofunsira database) molunjika pa fayilo, FROM 'malonda.csv' GROUP BY sitolo, basi. Imagwiritsa ntchito ma core onse a purosesa, ndipo memory ikadzaza imakhuthulira zotsalazo pa disiki. Mutha kuimanga ndi SET memory_limit='4GB', bola disiki ikhale ndi malo. Nayonso ili ndi khalidwe lake: imalosera mitundu ya madanga poyang'ana mizere pafupifupi 20,000 yokha, ndiye mzere wopotoka ukabisala kutali funso lonse limagwa. all_varchar=true, imene imawerenga madanga onse ngati mawu, imathetsa zimenezo.

Polars, laibulale ina yonga pandas, sindiiiwala. scan_csv yake siiwerenga kanthu mpaka mutaitana collect, koma zotsatirazo zimakhalabe mu memory. Zikakhala zazikulu, sink_parquet ndiyo yoyenera: imazilemba pa disiki ngati Parquet, mtundu wa fayilo wosunga deta m'madangamadanga.

Ine ndimayamba ndadzifunsa ngati mzere uno ukufunika kudziwa za mizere ina. Ngati ayi, monga poyeretsa madeti kapena kutumiza mzere uliwonse ku database, csv yakwana, ndipo ndi gzip.open imawerenga ngakhale fayilo yopanikizidwa osayamba mwaimasula yonse. Ngati inde, DuckDB. pandas ya m'magulu ndimaisiyira pamene ndili kale ndi khodi ya pandas yomwe sindikufuna kuilembanso. Ndipo fayilo yoti ndiziibwerera tsiku ndi tsiku ndimaisandutsa Parquet tsiku loyamba lomwelo, ndi COPY imodzi ya DuckDB.