Nsanja ya pinki ya Montessori: zimene ndaona itatha chaka m'chipinda cha ana

Mwa zipangizo zonse zimene eni sukulu ya mkaka kumene ndimagwira ntchito anatigulira chaka chatha, chimene olera anzanga amandifunsa za icho kawirikawiri ndi nsanja ya pinki ya Montessori. Funso lawo limakhala lakuti kodi mabuloko khumi a mtengo angachite chiyani chimene zidole zina zonse zalephera. Nditaigwiritsa ntchito kwa chaka chathunthu, yankho langa ndi lakuti nsanjayi ndi yabwino kwambiri, koma ubwino wake umadalira nthawi imene wolera ali nayo, ndipo nthawiyo ndi imene imasowa pa ntchito yathuyi.

Mabulokowa ndi ofanana mbali zonse ndipo onse ndi a mtundu umodzi wa pinki. Lalikulu ndi la masentimita 10 mbali iliyonse, lotsatira ndi la masentimita 9, ndipo amanka nachepa choncho mpaka pa kakang'ono ka sentimita imodzi, kamene kangalowe m'malo a lalikulu lija maulendo 1,000. Palibe nambala, chilembo kapena chithunzi cholembedwapo, ndipo zimenezi anachita dala. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu ya ana yotchedwa Casa dei Bambini m'dera la San Lorenzo ku Rome mu 1907 kuti asamalire ana a mabanja osauka, ankafuna kuti chipangizo chilichonse chiphunzitse chinthu chimodzi chokha. Nsanjayi imaphunzitsa kukula kwa zinthu basi, ndipo mtundu umodziwo umathandiza kuti maso a mwana asatengeke ndi china chilichonse.

Chimene chinandigwira mtima ndinachiona kwa mnyamata wina wa zaka zitatu, amene nthawi zambiri sakhazikika ngakhale kwa mphindi ziwiri. Ananyamula mabulokowo limodzilimodzi kupita nawo pa kansalu koyala pansi, lalikulu lija atalikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri, kenako n'kuyamba kusanja. Atafika pakati anaika la masentimita 5 pansi pa la masentimita 6. Anaimirira, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, anapendeketsa mutu, ndipo mosauzidwa ndi munthu anachotsa awiriwo n'kuwasinthanitsa. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndimukonze, ndipo ndimayamikabe kuti mawuwo sanatuluke. Nsanjayo imaonetsa yokha pamene palakwika, motero mwana amadzikonza popanda kumva mawu akuti "walakwitsa", amene ife olera timawanena mobwerezabwereza kuposa mmene timaganizira.

Vuto lalikulu lili pa timabuloko tating'ono. Malamulo a chitetezo cha zidole ku United States ndi ku Ulaya amayeza tizidutswa pogwiritsa ntchito kachubu ka mamilimita 31.7 m'mimba mwake, ndipo chinthu chimene chalowa chonse m'kachubuko chimaonedwa kuti chingatsamwitse mwana wosakwana zaka zitatu. Kabuloko ka sentimita imodzi ndi ka masentimita awiri timalowamo bwinobwino. Pa sukulu imene makanda ndi ana okulirapo amakumana m'chipinda chimodzi m'mawa ndi madzulo, imeneyi si nkhani yoichepetsa. Tsiku lina ndinapeza kakang'ono kaja kali m'tsaya la mwana wa chaka chimodzi ndi theka, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo ndimawasunga m'kachitini pamwamba pa kabati, n'kumawapereka m'manja mwa mwana amene watsala pang'ono kumaliza nsanja yake. Kakang'onoko kasowanso kangapo, ndipo ulendo wina tinakapeza mu nsapato ya mwana pa nthawi yoweruka.

Pa kapangidwe kake sindinakhutire kwenikweni. Wopanga aliyense amatha kulemba dzina la Montessori pa bokosi lake, choncho dzinalo palokha silitsimikizira kuti katunduyo ndi wabwino. Pa nsanja yathu penti inayamba kusupuka m'makona pasanathe miyezi inayi, makamaka pa mabuloko akuluakulu amene amagwa mwamphamvu. Popeza ana amaluma chilichonse, wogula afunse umboni wakuti pentiyo ilibe mtovu, komanso ayeze mabulokowo ndi rula, chifukwa ngati kusiyana kwake si sentimita imodzi ndendende, phunziro lonse lasokonekera. Poyeretsa timangopukuta ndi kansalu konyowa, pakuti mtengo ukaviikidwa m'madzi umafufuma n'kung'ambika.

Chimene bokosi silinena ndi ntchito imene nsanjayi imamuwonjezera wolera. Mwana amayenera kusonyezedwa payekha, wolera atakhala pambali pake, akusanja pang'onopang'ono ndiponso osalankhula zambiri, ndipo m'chipinda mumakhala nsanja imodzi yokha kuti ana aphunzire kudikirana. Zimenezi zimamveka bwino pa maphunziro a olera ana, koma pa tsiku limene mnzako sanabwere, wina akulira kufuna mayi ake, wina akufunika kusinthidwa thewera, ndipo awiri akulimbirana mpando, mphindi khumi zokhala pansi ndi mwana mmodzi sizipezeka. M'masabata oyambirira, tisanasonyeze ana ambiri, mabulokowo anasanduka zogendera, ndipo buloko la masentimita 10 ndi lolemera mokwanira kutupitsa chipumi cha mwana. Tinachita kuichotsa nsanjayo pa shelefu n'kumaitulutsa m'mawa mokha, ana akadali ochepa, mpaka aliyense atasonyezedwa. Zinatitengera pafupifupi miyezi iwiri.

Kwa amene amayang'anira chipinda cha ana a zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ali ndi olera osachepera awiri nthawi zonse, mmodzi mwa iwo ataphunzitsidwa kasonyezedwe kake, ndikulangiza kuti agule, koma asankhe ya mtengo wolimba ndi penti yodalirika. M'chipinda cha makanda ndi ana ongoyamba kuyenda isalowemo n'komwe. Ifeyo tapempha kale eni sukulu kuti atigulire timabuloko tiwiri tapadera ta sentimita imodzi, chifukwa kathu kaja kasowanso sabata yatha ndipo mpaka lero sitinakapeze.