Maphunziro a masiku anayi a koparetivu pa boma la Mangochi

Kwa masiku anayi ndinali m'gulu la asodzi ndi amalonda a nsomba amene tinasonkhana mu holo ina pa boma la Mangochi, chapafupi ndi mlatho wa pa Shire, kuphunzira kayendetsedwe ka koparetivu. Anakonza maphunzirowa ndi kampani ina yaing'ono yophunzitsa magulu, ndipo aliyense analipira yekha. Anzanga a ku Makawa ndi ku Monkey Bay akhala akundifunsa ngati ndalama yanga inapita pabwino, ndipo yankho langa ndi lakuti inde, ngakhale kuti zina sizinandikhutiritse.

Mayi amene amatiphunzitsa sanayambe ndi mafomu olembetsera gulu kuboma, koma ndi zifukwa zimene malamulo a koparetivu anakhalira momwe alilimu. Anatifotokozera za anthu 28 a ku Rochdale ku England, ambiri a iwo owomba nsalu, amene mu 1844 anasonkherana ndalama ndi kutsegula kasitolo ka ufa, shuga ndi batala, nagwirizana kuti membala aliyense akhale ndi voti imodzi ndipo phindu ligawidwe molingana ndi momwe munthu wagulira. Bambo wina wachikulire anavula kofia yake nafunsa kuti, "Mayi aphunzitsi, ine wa maboti atatu ndingafanane mawu bwanji ndi mnyamata wopalasa bwato la eni?" Iwo anayankha modekha kuti, "Bambo, mukagulitsa nsomba zambiri kudzera m'gululi mudzalandiranso zambiri, koma mawu anu akadzalemera kuposa a mnyamatayo, iye adzachoka, ndipo mudzatsala ndi kampani yanu, osati koparetivu."

Tsiku lachiwiri ndilo linandigwira mtima, chifukwa linakamba za nyanja ya Malombe, imene makolo athu ankaphamo chambo chochuluka koma lero ambiri amangobwerako ndi kambuzi. Tinamva za Garrett Hardin, amene mu 1968 analemba kuti chuma cha onse chimatha chifukwa aliyense amaganiza kuti akachisiya mnzake achitenga. Msodzi aliyense m'chipindamo anagwedeza mutu, poti ndi maganizo omwewo amene amachititsa munthu kuponya khoka la maso ang'onoang'ono akudziwa bwino kuti akupha mbewu. Kenaka anatiuza za Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphotho ya Nobel pa zachuma mu 2009, amene anaonetsa kuti anthu amatha kusunga chuma chotere pamene malire ake akudziwika, malamulo apangidwa ndi eni ake, pali oyang'anira, ndiponso zilango zimayamba zazing'ono n'kumakula. Tinayerekeza mfundozi ndi makomiti a m'madoko amene anayambira ku Malombe mu 1993, komanso ndi chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mfumu Makanjira ya kumeneko imatseka usodzi chaka ndi chaka ndipo anthu amamvera. Apa ndinamvetsa kuti umunthu umene timaunyadira umafunika kuthandizidwa ndi buku lolembamo, mlonda wa padoko ndi chindapusa chodziwika kwa onse, apo ayi wokhulupirika ndi amene amagona ndi njala.

Phunziro la ziwerengero linali lalifupi koma lothandiza. Analemba pa bolodi phindu la pamwezi la amalonda asanu ongoyerekeza: K20,000, K25,000, K30,000, K35,000 ndi K390,000. Avereji yake ndi K100,000, chonsecho anayi mwa asanuwo sanafike ngakhale theka la ndalamayo, ndipo wapakati amapeza K30,000 yokha. Gulu likaika mtengo wa sheya poyang'ana avereji, limathamangitsa anthu amene linapangidwira.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi nkhani ya kukwera mitengo kwa zinthu, imene anangoidutsa mothamanga masana a tsiku lomaliza. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya maukonde, injini ndi mafuta inakwera, ndipo ambiri a ife amene tili m'mabanki mkhonde tinagawana ndalama zambiri pamanja koma zogula zochepa. Funso la momwe gulu lingaikire chiwongoladzanja choti chiteteze ndalama za osunga popanda kupsinja obwereka linafunika tsiku lathunthu. Mapepala amene anatipatsa analinso a Chingerezi chokha, pomwe ena m'gulumo amamva bwino Chiyao, moti mayi wina amene ndinakhala naye pafupi ndinkachita kumumasulira monong'ona. Tsiku lomalizali linalinso Lachisanu, ndipo okonzawo sanaganizire nthawi ya mapemphero a Juma, choncho Asilamu ambiri anaphonya gawo lomwelo.

Gulu limene likufuna kutumiza anthu litumize mlembi ndi msungichuma pamodzi, ndipo lisanalipire lipemphe mapepala a Chichewa, womasulira Chiyao ndi nthawi yokwanira ya phunziro la chiwongoladzanja.