ThinkPad T470 ya sekondihandi pa Linux Mint: makina abwino, wogulitsa wosaona mtima

Laputopu iyi ndinaigula pa sitolo ina ya ku Limbe, pa mtengo umene nonse mukuudziwa wa makompyuta obwera pa kontena. Ndinadziwa kale kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025 komanso kuti purosesa ya T470 siili m'gulu la zovomerezeka pa Windows 11, choncho cholinga changa chinali kuikamo Linux Mint 22 m'malo mwa Windows, imene izilandirabe zosintha mpaka 2029.

Chimene chandilembetsa ndemangayi ndi batire. Wogulitsa analumbira kuti mabatire onse awiri, lam'kati ndi lakunja lochotseka, ali bwinobwino, koma nditaika Mint, pulogalamu ya upower inasonyeza kuti lam'katilo linatha kalekale ndipo silisunga ngakhale theka la mphamvu imene linkasunga lili latsopano. Nditabwerera nayo, mnyamata wa pa kauntala sanafune n'komwe kuwerenga manambalawo. Atangoona kuti Windows mulibe anati, "Bambo, mwaiwononga nokha, Linux imadya batire," ndipo anandiuza kuti chitsimikizo chimene anandipatsa chathera pomwepo. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, chifukwa manambala amenewa amachokera mu kachipangizo ka m'batire momwemo, ndipo pulogalamu ya powercfg pa Windows ikanasonyeza zomwezo. Ndinamupempha kuti tiyese limodzi pamaso pa abwana ake, iye anangonditembenukira msana n'kuyamba kulankhula ndi kasitomala wina. Kunyozedwa kotereku kunandiwawa kuposa ndalama yanga.

Komabe makinawo sindingawanenere zoipa. Wi-Fi yake ya Intel 8265 inalumikiza ndisanaike n'komwe Mint, ndikungoyesera pa fulashi, popeza pulogalamu yoiyendetsa (dalaivala) ya iwlwifi imabwera kale ndi Linux. Bluetooth, kamera, mawu, mabatani owalitsira sikirini ndi kabatani kofiira ka TrackPoint zonse zinagwira ntchito popanda kusakasaka kanthu pa intaneti, ndipo ndikatseka chivundikiro imagona n'kudzuka bwinobwino. Chowerengera zidindo za zala chokha n'chimene sichinazindikirike, koma sindichisowa.

Ndinagula batire lakunja lalikulu la 72Wh, ndipo ndi TLP, pulogalamu yosamalira batire pa Linux, ndinakonza kuti lizisiya kutchaja likafika pa 80 peresenti kuti lisathe msanga. Magetsi akazima madzulo, ndimachotsa batire lakunja likatsala pang'ono kutha moto n'kulowetsa lakunja linalo laputopu isanazime, chifukwa lam'kati lija, ngakhale n'lotha, limagwirizabe kamphindi kosinthirako. Apa mpamene mtima wanga unatsikako.

Amene mukufuna T470 ya Linux gulani, koma mupite ndi fulashi ya Mint, muiyatse pa kauntala pomwepo, ndipo muone mabatire onse awiri musanatulutse ndalama.