Burashi kapena chitini? Kupenta ma caliper pakhomo kuno ku Mzuzu

Subaru WRX yanga itafika kuchokera kudoko la Dar es Salaam, ndinaiveka marimu a mipata ikuluikulu, osadziwa kuti ndikudziyalutsa ndekha. Kuseri kunaonekera ma caliper, zitsulo zomwe zimapana disiki mukaponda buleki, akuda bii ndi fumbi la mabuleki, dzimbiri lili m'makona monse. Chiyambire ndawapenta kawiri, ndipo a pa Toyota Altezza ya alamu anga ku Luwinga tinapentera limodzi. Ndiye tamvani, achimwene, musanataye ndalama.

Penti wamba wa m'hadiweya, wopentera mageti uja, musamuyese n'komwe. Ine ndinayamba ndi ameneyo, wofiira, chifukwa chotchipa, ndipo kwa masabata awiri ndinkanyada naye m'tauni. Tsiku lotsetsereka ku Chiweta, phazi lili pabuleki m'makona onse aja, ndinamva fungo ngati lapulasitiki wopserera. Nditaima kumunsi ndinapeza kufiira kuja kwasanduka kwa njerwa yootcha, penti wafewa, fumbi lamatirira pomwepo.

Mpikisano weniweni uli pakati pa awiri: penti wa ma caliper wopopera wam'chitini, ndi wopaka ndi burashi wosakaniza mankhwala awiri.

Wam'chitini, monga wa kampani ya VHT, analembedwa kuti amapirira kutentha pafupifupi 480°C. Akagwa bwino amakhala see, ngati zochokera kufakitale. Koma ntchito yake yaikulu si kupopera ayi, ndi kuphimba. Disiki, paipi ya mafuta a mabuleki, sipuling'i, thupi la galimoto mbali yonseyo, zonse zimafuna nyuzipepala ndi tepi. Kwa alamu anga tinatha ola lathunthu pa tayala limodzi tikumata, komabe kamphepo kanatenga utsi wa penti n'kukawaza timadontho tofiira pachitseko choyera. Tinachita kutikita ndi polishi mpaka dzuwa kulowa.

Palinso nyengo yathu ino. Penti wopopera amadana ndi chinyezi, ndipo Mzuzu mukumudziwa: m'mawa nkhungu, masana kadzuwa, madzulo mawawa. Mukapopera mu Juni kapena Julaye m'mamawa, amauma ali mbuu, kuwala konse kutathawa. Chitini chozizira chimalavulanso madontho m'malo mwa utsi, choncho muyambe mwachiviika m'madzi ofunda, osati otentha. Kenako pentiyu amafuna kumuwotcha kuti akhwime: a VHT amati ola limodzi mu uvuni pa 93°C, apo ayi alimbe ndi kutentha kwa mabuleki mukamayenda. Asanakhwime, dontho la mafuta a mabuleki limamusenda ngati khungu la tomato.

Wa burashi, monga wotchedwa G2, amabwera m'zigawo ziwiri, penti ndi mankhwala omuumitsa. Ndi wodulirapo, ndipo wanga anachita kundibweretsera mnzanga wochokera ku Johannesburg. Ubwino wake, mumangomata tepi pang'ono pamalo oopsa basi, mphepo ilibe naye ntchito. Poyamba mudzakhumudwa, mizere ya burashi ikuonekera ngati mizere ya m'munda. Musabwerezepo msanga. Amadziyala yekha, ndipo ulendo wachiwiri amatseka zonse, n'kukhala wokhuthala, wowala ngati mbale yadongo. Ma caliper achitsulo okhakhala, ngati a galimoto zambiri zochokera ku Japan, amawakwirira bwino kuposa wopopera. Safunanso uvuni, amalimba yekha.

Msampha wake ndi nthawi. Mukangosakaniza, muli ndi maola 4 mpaka 6, kenako amauma m'chitini momwemo. Ndiye kuti matayala onse anayi akhale atachoka, ma caliper onse atatsukidwa, musanatsegule kalikonse. Jeke imodzi siikwana. Bwerekani ma stand (zitsulo zoimikapo galimoto) anayi, zoimika galimoto pa njerwa zisiyeni. Mukamaliza galimoto igone maola 24, choncho ngati ndi yomweyo yotengera ana kusukulu, yambani Loweruka m'mawa.

Za powder coating, kupenta ndi penti waufa, sindichulukitsa gaga. Ndi yolimba, inde, koma imafuna kumasula caliper yonse, kuchotsa ma piston ndi malabala, kuwotcha mu uvuni pafupifupi 200°C, n'kudzachotsanso mpweya m'mabuleki. Imeneyo si ya pakhonde.

Kaya mwasankha uti, amene amagwira ndi amene wapakidwa pachitsulo choyera. Palani ndi burashi yawaya mpaka dzimbiri lithe, tsukani ndi brake cleaner, mankhwala otsukira mabuleki, osati petulo kapena parafini, ndipo fumbilo musalipeme ndi pakamwa. Penti asafike pa disiki, pa ma pad (zokhuza disiki), pa timalabala, pa kanati kotulutsira mpweya, ngakhale m'tinjira momwe ma pad amatsetserekamo, chifukwa buleki imayamba kugwira yokha. Mukamasula caliper, ikoleni ndi waya ku sipuling'i, isalendewere pa paipi.

Ine ndaima ndi burashi. Wam'chitini ndingamuvomere kwa amene ali ndi galaja yotseka, wamasula ma caliper n'kuwapachika, ndipo akupenta mu Okutobala kukuwomba dzuwa. Mtundu ndinasankha wofiira. Alamu anga akufuna kusintha aike wachikasu. Ndinawauza kuti pa Porsche chikasu chimatanthauza mabuleki a ceramic. Akuti ku Luwinga palibe adzawafunse.